Nyanja ya Amayi Ikuchedwa Kuuma

Ife ndife anthu awiri a bere limodzi, ochokera ku Malindi m'boma la Mangochi, koma tidakhazikika ku Ndirande mumzinda wa Blantyre. Nsima yathu imachokera m'kulemba zikwangwani za magolosale, mabutchala ndi malo ometera. Ikatha ntchito imeneyo timalowa m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba, momwe timajambula zithunzi ndi penti wa mafuta. Nkhope za anthu sitijambula. Zathu ndi mapiri, mitengo ndi madzi.

Mu 2023 amayi athu, omwe amakhala kwa mlongo wathu ku Machinjiri, adatiitana. Miyendo idawakana, ndipo ng'ala yayamba kuphimba maso awo. Iwo adati, "Ana anga, mumajambulira azungu mapiri. Ine bwanji osandijambulira dooko lakwathu, ndiziliona ndisanaleke kupenya?"

Tidayamba mawa lake lomwe. Munali mu June, chiperoni chitakuta phiri la Ndirande. Apa m'pomwe tidalakwa. Penti wa mafuta sauma ngati chovala cha pachingwe. Mafuta a linsidi omwe ali m'kati mwake amalimba pang'onopang'ono pokoka mpweya, kuyambira pamwamba kutsikira pansi. Wofiirira amagwira pa tsiku limodzi kapena awiri, koma woyera amatha sabata yathunthu, ndipo kukazizira amachedwa koposa. Lamulo lake n'lakale: penti woyamba akhale wopyapyala, wosungunula ndi tapentaini, ndipo wamafuta ambiri abwere pamwamba. Ife lamuloli timalidziwa bwino, koma chifukwa cha changu tidapaka wokhuthala pansi, n'kupaka wopyapyala pamwamba wapansiyo asanaume. Pa sabata ziwiri chithunzi chidatha, ndipo amayi adachipachika pabalaza.

Itapita miyezi ingapo mlongo wathu adatiimbira foni kuti nyanja ija yang'aluka. Titapita tidapeza ming'alu yokhayokha ngati dambo la mu October. Penti wapamwamba adauma msanga, wapansi n'kumasunthabe, mpaka adang'amba mnzake. Amayi adayendetsa chala pa ming'aluyo osanena kanthu. Manyazi omwe adatigwira tsiku limenelo sitidzawaiwala.

Pofuna kuyambanso, tidakumana ndi vuto lina. Penti wa m'machubu amachokera kunja, ndipo mu November 2023 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti. Mitengo idakwera moti kugula machubu onse kukadatanthauza kuti ana agone ndi njala. Penti wa m'zitini wa ku hadiweya, yemwe timalembera zikwangwani, ndi wonyezimira ndipo amagwira msanga, salola kusakaniza mitundu pachinsalu. Tsono tidakumbuka zojambula za pamiyala za ku Chongoni ku Dedza, zomwe bungwe la UNESCO lidazilemba m'kaundula wake mu 2006. Makolo aja analibe sitolo, koma utoto wawo wofiira ndi woyera ukuonekabe. Choncho tidakumba dothi lakatondo, kulitsuka m'ndowa, kulisefa pansalu, kuliyanika, kenaka kulipera pagalasi pamodzi ndi mafuta a linsidi. Tidapeza utoto wokwanira mchenga, mabwato ndi mathandala oyanikapo usipa. Ndalama yonse tidaiponya pa machubu awiri okha, wabuluu ndi woyera.

Chithunzi chachiwiri, cha mu 2024, sichidang'aluke. Koma titachionetsa amayi, adachiyandikitsa kumaso nati, "Awa ndi malata, si madzi." Mawuwo adatipweteka, komabe adali oona. Takhala zaka zambiri m'tauni, ndipo nyanja yomwe idatsala m'mitu mwathu ndi ya pamakalendala, yabuluu kuchokera uku mpaka uko. Tidakangana usiku wonse. Wamkulu ankati, "Tingokonza pamwamba, nthawi yatithera." Wamng'ono ankati, "Ayi achimwene, tikaioneso nyanjayo ndi maso athu."

Tidakwera basi mpaka ku Mangochi, kuoloka mlatho wa Shire, n'kukafika kwathu. Masiku atatu tidakhala padooko ndi kope ndi pensulo. Inu a kunyanja mukudziwa zomwe ife tidali titaiwala. M'mphepete madzi amatenga mtundu wa mchenga. Kutsogolo pang'ono amabiriwira. Buluu weniweni ali kutali, ndipo mwera ukaomba amada bii. Madzulo, poti ku Malindi dzuwa limalowera kutsidya kwa madzi, nyanja imafiira ngati katondo yemwe uja tidapera. Tidazindikira kuti utoto womwe tinkauyesa wa aumphawi ndiwo unkasowa m'madzi athu.

Lero chithunzi chachitatu chili m'kachipinda kaja, chitayang'ana kukhoma kuopa fumbi la mumsewu. Tikapaka kamodzi timadikira sabata, nthawi zina ziwiri. M'mawa uliwonse timachikhudza pakona ndi nsonga ya chala. Chikamata, timatseka chitseko n'kupita kukalemba zikwangwani. Ngakhale chikadzatha, vanishi sapakidwa isanakwane miyezi 6. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kumawawa pamene maso a amayi ako akuchita chifunga mwezi ndi mwezi. Mayesero othamanga amatibwerera tsiku ndi tsiku, ndipo chimatibweza ndi chala chawo chija pa ming'alu.

Tagwirizana kuti vanishi sitimudikira. Madzi akangouma tidzachinyamula ulendo wa ku Machinjiri, Inshaallah. Lachisanu lapitali tidakawaona, ndipo adatifunsa kuti nyanja yawo yafika pati. Tidawauza kuti mchenga wauma, mabwato auma, atsala ndi madzi. Iwo adaseka nati, "Musawafulumize, ana anga. Koma musaiwale mtengo wa mlambe uja tinkachapira pafupi pake."

Mlambewo tidauiwaladi. Tiyamba kuujambula mawa.