A Telala ndi Thabwa la Tchesi

Pa boma la Mzimba, pakhonde la sitolo ina yoyandikana ndi msika, pamakhala bambo wina wosoka zovala. Anthu a pabomapo amangowatchula kuti a Telala. Ndi munthu wa zaka zoposa 50, wamtali, waimvi za apo ndi apo, ndipo amayankhula mosafulumira ngati kuti mawu awo amayamba awayeza ndi tepi. Kutsogolo kwawo kuli makina osokera aja opalasa ndi mapazi. Pambali pali kabenchi, ndipo dzuwa likapendeka, ntchito ikachepa, pakabenchipo amayalapo thabwa la tchesi.

A Telala asewera tchesi kwa zaka zinayi tsopano. Chaka choyamba luso lawo linakula ngati chimanga cha kudimba. Zaka zitatu zotsatirazo silinakulenso ngakhale pang'ono. Iwo eni akudziwa zimenezi, anzawo akudziwa, ngakhale ana amene amaima pakhondepo poweruka ku sukulu akudziwanso. Komabe thabwa lija limayalidwa madzulo alionse.

Mwina ambiri a inu mumadziwa bawo, koma masewera a tchesi simunawaonepo. Masewera awiriwa ali ngati munthu ndi chithunzi chake cha m'madzi. Thabwa la bawo lili ndi maenje 32 ndi nkhomo 64, pamene thabwa la tchesi lili ndi timabokosi 64, toyera ndi takuda, ndi zidole 32. Wosewera aliyense amakhala ndi zidole 16: mfumu, mfumukazi, nsanja ziwiri, mabishopu awiri, akavalo awiri ndi asilikali 8. Nsanja imayenda molunjika. Bishopu amayenda chopingasa, kutsata timabokosi ta mtundu umodzi. Kavalo amadumpha, ndipo njira yake ili ngati chilembo cha L. Mfumukazi ndiyo yamphamvu koposa, chifukwa imayenda ngati nsanja komanso ngati bishopu. Msilikali amangopita kutsogolo, sabwerera m'mbuyo, koma akafika ku mzere womaliza amatha kusanduka mfumukazi. Wopambana ndi amene watsekereza mfumu ya mnzake kufikira itasowa kothawira. Munthu atha kudya zidole zambiri za mnzake, koma n'kugonjabe.

Masewerawa anayambira ku India zaka pafupifupi 1,500 zapitazo. Kuchokera kumeneko anafika ku Persia, ndipo Aarabu anawatengera ku Spain. Bungwe loyang'anira tchesi pa dziko lonse, lotchedwa FIDE, linakhazikitsidwa ku Paris m'chaka cha 1924.

A Telala anakumana ndi tchesi kutali ndi kwawo. Monga amachitira amuna ambiri a m'boma la Mzimba, iwo anapitako ku Joni kukagwira ntchito. Lamulungu likakwana ankapita ku Joubert Park, pakati pa mzinda wa Johannesburg, kumene amuna ankasewera tchesi pabwalo ndi zidole zikuluzikulu. Ankaima pomwepo kwa maola angapo osamvetsa kanthu. Chimene chinawakopa chinali bata. Pabawo pamakhala phokoso, nkhomo kulira gobedegobede, oonerera kukuwa ndi kunyogodola. Koma apa amuna awiri ankangoti duu, maso ali pansi, ngati alenje odikira nyama kudziwe. Pobwerera kumudzi anagula kathabwa kopinda ndi zidole zake, ndipo atafika anakaika pansi pa bedi. Kanakhala kumeneko zaka zambiri.

Tsiku lina kunabwera mnyamata wophunzira zauphunzitsi ku Loudon, ku Embangweni, kumene kuli mishoni yakale ija imene Donald Fraser anaikhazikitsa m'chaka cha 1902. Mnyamatayo anabwera kudzachepetsa buluku lake. Pocheza anatchula za tchesi, ndipo m'mawa mwake a Telala anabweretsa kathabwa kaja atakapukuta fumbi. Tchuthi chonsecho mnyamatayo ankabwera madzulo kudzawaphunzitsa.

Ha, kukoma kwake chaka choyambacho! Sabata iliyonse inkabwera ndi chake. Poyamba ankagonja atangoyenda kanayi kokha, chifukwa pali msampha wina wa mfumukazi ndi bishopu umene umakola oyamba kumene onse. Posakhalitsa anaudziwa, nayamba kutchera ena. Anaphunzira kubisa mfumu kuseri kwa asilikali. Anaphunzira kuika kavalo pamalo poti aopseze mfumu ndi mfumukazi nthawi imodzi, msampha umene iwo anautcha mphanda. Anagonjetsa mwini sitolo, nagonjetsanso kalaliki wina amene ankadzitama kuti anasewerako ali ku sekondale. Usiku pogona ankadziuza kuti zikapitirira chotere, chaka chamawa sipadzakhala wowaposa pa boma lonse.

Chaka chamawacho chinafika, koma luso linaima pamene linali. Palibe chinawadwalitsa, palibenso chimene anaiwala. Anangofika pamalo ena ngati ngolo imene ng'ombe zaikoka bwino m'chigwa, koma pachitunda mateyala angoti njo.

Zimenezi zimachitikira anthu ambiri, ndipo zifukwa zake n'zodziwika. Zolakwa za woyamba kumene zimakhala zikuluzikulu, zosavuta kuziona, ngati chisoso m'munda wa mtedza. Zikazulidwa zimenezo, zimatsala zolakwa zobisika zimene munthu sangazione payekha. Kuti apitirire amayenera kulemba masewera ake onse ndi kuwabwereza atagonja, kuphunzira mathero a masewera pamene zidole zatsala zochepa, ndiponso kukumana ndi anthu omuposa. Njira za tchesi n'zochuluka zedi. Woyamba kuyenda ali ndi njira 20, mnzake ali ndinso 20, kotero kuti aliyense akangoyenda kamodzi, thabwa litha kuoneka m'maonekedwe 400 osiyanasiyana. Kuchokera apo chiwerengero chimakula mopitirira muyeso. Odziwa tchesi saloweza njira zonsezi. Iwo amazolowera maonekedwe a thabwa monga mbusa azolowera mawanga a ng'ombe zake, ndipo kuzolowera kotere kumafuna nthawi. A Telala nthawiyo analibe. Sukulu zikamayandikira kutsegulidwa ankasoka mayunifolomu kufikira mdima, ndipo dzinja likafika munda unkawadikira. Osewera nawo analinso omwewomwewo, anthu atatu amene misampha yawo anaidziwa kale.

M'chaka chachitatu kunyumba kwawo kunabwera mphwawo, mwana wa mlongo wawo wa ku Jenda, kudzaphunzira Sitandade 7 pa boma. Anali mwana waulemu, wosayankhulayankhula, ndipo ankawaitana kuti asibweni, monga aitanira amalume m'Chitumbuka. A Telala anamuphunzitsa okha kayendedwe ka zidole. Miyezi iwiri yoyamba ankamugonjetsa uku akusoka mabatani. Mwezi wachitatu anayamba kuika singano pansi. Mwezi wachisanu mwana uja anapambana kanayi motsatizana, pakhonde pomwepo, anthu akuona.

Pa masewera achinayiwo mwanayo anachita manyazi. Ataona kuti amalume ake asiya mfumukazi pamalo poti idyedwe, ananena motsitsa mawu kuti, "Asibweni, bwezani. Ine sindinaone."

"Iyayi, mphwanga," anayankha a Telala. "Lamulo likuti chidole ukachiyendetsa n'kuchotsapo dzanja, chapita. Idya."

Mwanayo anadya mfumukazi ija atazyolika.

Tsono muyenera kukumbukira kuti kuno ndi ku dziko la Angoni a M'mbelwa, kumene kuyambira kale anyamata ankaphunzira mwambo ku sangweni, atakhala pansi kumvera akulu. Kuti mkulu agonje kwa mwana wa mlongo wake pagulu si nkhani yaing'ono. Anzawo a bawo, amene amasewera pansi pa mtengo tsidya la msewu, sanachedwe kumva. Mmodzi anabwera, naima pakhondepo, nati, "Akulu, kamwana kophunzitsa nokha ndiko kakukudyani chonchi? Bwererani kubawo, kumene timakuopani." Onse anaseka. Mawuwo anali oona, chifukwa pabawo a Telala anali katswiri, ndipo n'chifukwa chake anawapweteka kwambiri.

Madzulo amenewo anapinda thabwa, nalibwezera pansi pa bedi. Mvula inagwa, anabzala, anapalira, anabandira. Mphwawo sanafunse kanthu, koma zinkaoneka kuti mwanayo akudziimba mlandu. Ankadya nsima mofulumira n'kutuluka. M'nyumba imene munali kuseka munayamba kukhala zii. Akazi awo a Telala anayesa kunenapo tsiku lina kuti, "Bambo, mwanayu walakwanji? Si inu nomwe munamuphunzitsa?" Iwo anangoti kukhosi kwawo kulibe kanthu, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Koma thabwa limene analibisa pansi pa bedi linakana kuchoka m'mutu mwawo. Akamapalasa makina, maso ali pamsoko, ankaona zidole zili monga zinaliri pa masewera omaliza aja. Ankaziyendetsa m'maganizo, kavalo uku, nsanja uko, n'kugonjabe. Tsiku lina m'mwezi wa February, akusoka mpendero wa diresi, anaona chinthu chimene sanachione tsiku lija. Akanakankha msilikali mmodzi wa kumbali asanatulutse mfumukazi, bishopu wa mwana uja akanatsekeredwa, ndipo msampha wonse ukanaphwasuka. Makina anaima. A Telala anaseka okha mokweza mpaka mwini sitolo anasuzumira pazenera.

Yankho limeneli linabwera patapita miyezi iwiri, pamene mwana wa Sitandade 7 akanalipeza m'mphindi ziwiri. Silinawabwezere masewera aja, ndipo panalibe wowaombera m'manja. Komabe chimwemwe chimene anamva chinali chomwe chija cha chaka choyamba, chosachepa ngakhale pang'ono. Apa m'pamene anazindikira kuti kwa miyezi yonseyi anali asanasiye kusewera. Chimene anasiya ndi kukhala pansi ndi mphwawo.

Madzulo ake anatulutsa thabwa. Msilikali mmodzi woyera anasowa, kaya anagwera kuti, ndipo m'malo mwake anaikapo batani lalikulu la jekete. Batanilo lilipo mpaka lero.

"Mphwanga, tabwera uone," anatero. Anaika zidole monga zinaliri, namuonetsa njira ija. Mwanayo anayang'ana kwa kanthawi, nati, "Zoona, asibweni. Mukanatero ndikanavutika." Kenaka anaonetsa amalume ake njira ina imene akanadzipulumutsira nayo. Anakhala pamenepo mpaka nsima inazizira.

Kuyambira tsiku limenelo a Telala amagonja kawirikawiri, ndipo sabisa. Mwa masewera khumi ndi mphwawo, akapambana amodzi ndiye kuti tsikulo lawayendera. Amayesa ndithu kudzikonza. Anagula kope, ndipo mwanayo anawaphunzitsa kulemba masewera pogwiritsa ntchito zilembo a mpaka h ndi manambala 1 mpaka 8. Kopelo lili pafupi kudzaza, koma zolakwa za patsamba lomaliza zikufanana ndi za patsamba loyamba. Amakondabe kutulutsa mfumukazi msanga, ngati munthu wovala suti yatsopano popita kumunda.

Mwanayo ali ndi maloto ake. Anamva za Amon Simutowe wa ku Zambia, dziko limene malire ake ali pafupi ndi kwawo ku Jenda. Simutowe anakhala katswiri wa dziko lake ali ndi zaka 14, ndipo m'chaka cha 2009 analandira udindo wa grandmaster, umene ndi wapamwamba koposa m'masewerawa. Mwanayo amadziwanso kuti kuno kwathu kuli bungwe la Chess Association of Malawi limene limakonza mipikisano. Pamene aphunzitsi ake ananena zopita naye ku Mzuzu kukasewera ndi ana a sukulu zina, a Telala ndiwo analipira ulendowo ndi ndalama za mayunifolomu atatu. Iwo anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo dziwe la pakhonde pawo linali litamuchepera.

Nthawi zina mwanayo amabwereka foni n'kumasewera ndi makina. Anayesa kuwakopa amalume ake, nawauza kuti m'chaka cha 1997 kompyuta yotchedwa Deep Blue inagonjetsa Garry Kasparov, amene panthawiyo anali katswiri wa dziko lonse. A Telala anayesa kamodzi, nabweza foniyo. Anati chinthu chimene sichiusa moyo ukachitchera msampha, ndipo sichikanda m'mutu, sangacheze nacho.

Madzulo ena a mwezi wa June, mphepo yozizira ikuomba kuchokera ku mapiri a Viphya, awiriwa anakhala pakabenchi atavala majuzi. Masewera anali ataipa kale. A Telala anatsala ndi mfumu, yopanikizidwa pangodya, ndi nsanja imodzi. Mwanayo anali ndi mfumukazi ndi asilikali atatu. Ana a sukulu amene anaima pozungulira anayamba kunyamula zikwama zawo.

A Telala anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anatenga nsanja yawo yokhayo, naiika pafupi penipeni ndi mfumu ya mwanayo, pamalo poti idyedwe. Ana aja anaseka. Mfumu ya mwanayo inalibe kwina kopita, choncho anadya nsanjayo. Atangochotsa dzanja anatsegula pakamwa. Mfumu ya a Telala sinali kuopsezedwa, koma kabokosi kalikonse koizungulira kanali kotsekedwa, ndipo analibe chidole china choti ayendetse. Malamulo a tchesi amati zikatero palibe wopambana.

"Asibweni, munachita dala?"

"Ndinaziona kalekale, mphwanga, pamene unadya kavalo wanga."

Wa bawo uja, amene anali ataima kumbuyo manja ali m'thumba, anafunsa kuti wapambana ndani. Atamva kuti palibe, anapukusa mutu nabwerera kumtengo kwake. A Telala anali akusekabe pamene ankabwezera zidole m'malo mwake, batani lija pakati pa asilikali oyera. Masewera otsatirawo anagonja asanayende ka 20. Mayi wina amene anali kudikira diresi lake anatsokomola kachiwiri, ndipo a Telala anapepesa, nakokera mpando ku makina.