Kapilisi kamene azakhali ankasiya

Mwezi wa Juni, kuzizira kwa kuno ku Dedza kutafika pachimake, ndinapita kumudzi kukaona azakhali anga. Ndinawapeza atafunda bulangeti, koma mapazi ali pamtunda.

"Mwanangu, mapaziwa akuotcha ngati ndaponda makala, zala zachita dzanzi," anatero.

Azakhali anali pa mankhwala a TB. Nditasuzumira m'kathumba kawo, ndinapeza mapilisi a pyridoxine ali chikhalire. Ankati ndi vitamini chabe, kumwa kapena kusamwa n'chimodzimodzi. Ndinachita manyazi. Ine namwino, tsiku lililonse ndimalangiza odwala, koma m'bale wanga sindinamufotokozere.

M'mankhwala a TB muli isoniazid, amene amachepetsa vitamini B6 m'thupi. B6 ikachepa, mitsempha ya kumapazi imayamba kuwonongeka. Pyridoxine ndi B6 yomweyo, n'chifukwa chake amaperekera limodzi.

Msuweni wanga atamva izi anati akagule mavitamini a B ku famase, azakhali azimwa awiriawiri kuti achire msanga. Ndinamuletsa. B6 yochuluka, ikamwedwa kwa nthawi yaitali, imawononganso mitsempha yomweyo.

M'mawa mwake tinapita kuchipatala. Anawayeza shuga, popeza nayenso amachititsa dzanzi, kenako anawauza mlingo woyenera wa pyridoxine. Patapita masabata angapo, kuotcha kuja kunayamba kuchepa.

Abale anga, mapazi akayamba kuotcha musasiye mankhwala a TB, musawonjezerenso mapilisi panokha. Nyamulani mankhwala onse amene mukumwa, mukawaonetse kuchipatala msanga.