Ku Malambo ndi nkhalamba yathu ya citsulo

Anthu a kuno ku Katete akamati "ku Malambo" amanena cigwa ca Luangwa, dziko la Akunda, kumene mwezi wa Okutobala ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa nkhokwe kuthawa dzuwa. Msewu wocokera ku Chipata kupita ku Mfuwe tsopano ndi wa phula, ndipo alendo okaona nyama amauyenda ali mtulo. Koma tinjira topatuka kupitirira Msoro, kumene kuli mishoni yakale ya Aanglikani pafupi ndi mtsinje wa Lupande, tikadali monga tinalili kale: mcenga, miyala, ndi dothi lakuda la makande limene mvula ikangogwa limasanduka ulimbo. Kumeneko ndiko kumakhala apongozi athu aakazi. Mu Novembala 2022 uthenga unatifika wakuti cilonda ca pa mwendo wao cakula, ndipo sakuthanso kufika pacitsime. Mvula inali pafupi. Mitsinje ikadzaza, njira ya kumudziko imatsekeka mpaka Epulo.

Galimoto yathu ndi Land Rover ya mtundu wa Series III, imene inkapangidwa ku Solihull, ku England, kuyambira 1971 kufikira 1985. Yathuyi ndi ya 1978, yaifupi ija ya mainci 88, ya injini ya petulo ya malita 2.25. Ana amaicha Ambuya. Sinalowepo m'galaja ciigulireni. Cipatala cake ndi pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, ndipo caka ciliconse, mvula isanayambe, timakhala nayo pamenepo Loweruka lathunthu.

Thupi lace ndi la aluminiyamu, silicita dzimbiri, motero munthu wosadziwa amanyengeka ndi maonekedwe. Cimene cimaola ndi citsulo ca pansi cimene cimanyamula zonse. Matope amabisala m'makona ace ndi kusunga cinyontho. Timawakokolola, kenaka tigogoda ndi nyundo mbali zonse: pamene pali bwino pamalira ngati belu, pamene padyeka pamamveka ngati dzungu. Tikatero timatsegula tizitseko ta oilo wa EP90 m'malo 6, ndiwo giyabokosi, bokosi logawa mphamvu, madifu awiri, ndi mipira iwiri imene mawilo akutsogolo amakhotera. Oilo akaoneka ngati mkaka ndiye kuti madzi a mumtsinje analowamo, ayenera kutayidwa. Zoti Land Rover imadontha oilo sitikana ai. Tsiku limene pansi pace pauma ndi pamene timada nkhawa, cifukwa ndiye kuti wathamo.

Pali nchito ina imene ambiri amaidumpha, yosolola mashafti awiri a kumbuyo, zitsulo zija zotenga mphamvu ku difu kupita ku mawilo. Ku mapeto ace kuli mano 10, ndipo shafti ikatopa manowo amayamba kupotoka. Caka cimeneco tinasolola, ndipo tinaona ndi maso athu kuti ina yapotoka pang'ono. Mwana wathu wacisamba anati, "Atate, iyi tisinthe." Tinawerenga ndalama za feteleza, tinawerenga za sukulu, ndi kuibwezera m'malo mwace. Tinati idzapirira caka cimodzi.

Popita zonse zinayenda bwino. Ukamatsika, mphepo yozizira ya kumtunda imatsala m'mbuyo, mitengo ya tsanya ndi milambe imayamba kuoneka, ndipo akashembe amalowa pa zenera ndi kuluma kupyola malaya. Tinaoloka timitsinje touma titatu, mcenga wokhawokha, amai akufukula madzi m'maenje pakati pace. Apongozi tinawapeza atamanga kale katundu wao, pamodzi ndi nkhuku imodzi imene anakanitsitsa kuisiya.

Pobwerera, ca m'ma 3 koloko, kumwera cakum'mawa kunada bii. Pa kamtsinje kaciwiri gombe loturukira ndi lotsetsereka ndithu. Tinakoka ndodo yofiira ya giya yamphamvu ndi kuyamba kukwera. Wilo lakumbuyo linazungulira pacabe mumcenga, kenaka linagwira mwala mwadzidzidzi, ndipo tinangomva kuti phwa! Galimoto inabwerera cammbuyo ndi kuima pakati pa mtsinje. Mwana wathu sananene kanthu. Kukanakhala bwino akananena.

Amene sanakhaleko ku cigwa sangamvetse mantha athu. Mtsinje wa kumeneko sudikira kuti mvula igwe pamutu pako. Ikagwa kumapiri, madzi amabwera okha pa mcenga wouma, atasenza zitsa ndi mitengo. Mwa lamulo, shafti ikaduka suyenera kuyendetsa galimoto, popeza zidutswa zikhoza kuphwanya mano a difu. Koma difu imagulika. Tinayamba tanyamula apongozi ndi kuwakhazika pamtunda, pansi pa mtengo. Anyamata anai amene anali kucokera ku dimba anatithandiza kudula nthambi za tsanya ndi kuziyala pa gombe. Iwo akukankha, mawilo akutsogolo okha akukoka, nkhalamba ija inakwera pang'onopang'ono mpaka pamwamba.

Pamenepo ndi pamene tinayala thumba pansi ndi kuturutsa masipanala. Ubwino wa galimoto imeneyi ngwakuti shafti sinyamula kulemera. Wilo limakhala pa mabelingi ace, motero ukhoza kusolola shafti wilo lili pomwepo, popanda ngakhale jeke. Tinamasula mabauti 6 mbali iliyonse, tinasolola yonse iwiri, yoduka ndi yamoyo, ndi kubwezera zivundikiro kuti fumbi lisalowe. Kenaka tinalowa pansi ndi kucotsa mpini wautali wocokera ku giyabokosi kupita ku difu yakumbuyo, kuti difuyo ingogona osazungulira. Cotsala cinali kukankhira ndodo yofiira kutsogolo ndi kupondereza kabatani kacikasu kamene kamalumikiza mawilo akutsogolo. Kabatani kameneko kamadumpha kokha ukakokanso ndodo yofiira, ndiye pambuyo pa citunda ciliconse tinali kukumbutsana kukaponderezanso.

Tikumanga bauti lomaliza tinamva mkokomo kumbuyo kwathu. Madzi ofiira anali kudutsa pamene galimoto inaima ola limodzi lapitalo. Apongozi anayang'ana mtsinjewo nthawi yaitali, kenaka anatembenukira kwa mdzukulu wao nati, "Amuna anga, nkhuku ija mwaipatsa madzi?"

Kamtsinje kacitatu tinakapeza kakadali kouma. Tinayenda ngati maliro, ndipo tinalowa mu Katete usiku, mvula ikuyamba kuwaza. M'mawa mwace apongozi anagonekedwa ku cipatala ca St Francis, kumene anakhala masabata atatu, ndipo mwendo unapola. Mashafti tinaitanitsa ku Lusaka, awiri, waufupi ndi wautali, pakuti difu sili pakati penipeni. Kuti ticotse kacidutswa kotsalira tinacita kumasula difu yonse pansi pa mango paja, ndipo mano ace tinawapeza ali bwino. Mu Meyi 2023, makande atauma, tinawabweza apongozi kwao pa njira yomweyo.