Kalata kwa mwana wanga amene wayamba kusula aphunzitsi

Mwana wanga wokondedwa,

Uthenga wako woti wayamba ntchito ku koleji yosula aphunzitsi wandifika, ndipo kuno kumudzi tonse takondwa. Azakhali ako akuti ndikupatsire moni. Koma ine amene ndagwira choko mpaka kupuma pantchito sindingangokuyamikira n'kuthera pomwepo. Ndili ndi nkhani imodzi, ndipo ndailemba poyera kuti anzako apantchito aimvenso.

Achinyamata amene akhala patsogolo pakowo, akamaliza maphunziro boma lidzawatumiza kulikonse. Wa ku Ntchisi akapezeka ku Makanjira, kumene mwana wa zaka 6 amabwera kusukulu akulankhula Chiyao chokhachokha. Wina akagwera ku Nsanje pakati pa Chisena, wina ku Nkhata Bay pa Chitonga, wina ku Chitipa kumene kalasi imodzi imatha kukhala ndi ana a Chilambya, Chisukwa, Chindali ndi Chinyiha. Ngakhale ku Dowa konkuno, pa Dzaleka, kuli ana olankhula Chiswahili, Kirundi ndi Kinyarwanda. Buku limene mphunzitsiyo adzanyamule ndi la Chichewa ndi Chingerezi basi. Kodi koleji ikumukonzekeretsa bwanji m'mawa woyamba umenewo?

Malamulo okha asintha kokwanira. Mu 1968 chipani cha MCP chinagamula kuti Chichewa chikhale chilankhulo cha fuko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa m'sukulu ndi pawailesi. Mu 1996 unduna unalamula kuti kuyambira Sitandade 1 mpaka 4 ana aziphunzira m'chilankhulo chawo, koma mabuku sanabwere ndipo aphunzitsi sanaphunzitsidwe kachitidwe kake. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi patsogolo. Pa kusintha konseku amene amatsala yekha ndi ana anali mphunzitsi wa m'kalasi, wopanda womuuza chochita.

Ndikuuze zimene ndinkaona ndili kusukulu ina ya m'mbali mwa nyanja ku Mangochi. Mphunzitsi watsopano akalowa mu Sitandade 1 ankaloza pabolodi, iye n'kunena, ana n'kubwereza onse pamodzi mokweza mpaka mawu kumveka kumsewu. Wodutsa ankati pano pakuphunziridwa. Koma ukaitana kamtsikana kamodzi kuti kabwere kutsogolo, n'kukafunsa funso lapafupi la m'nkhani yomweyo, kankangoyang'ana pansi, kakupotokola m'mphepete mwa yunifolomu. Mphunzitsi ankalemba mumtima kuti mwanayu ndi mbuli. Belu la buleki likalira, kamtsikana komweko ndiye kanali kutsogolera anzake pa fulaye, kakuwerenga zigoli mosaphonya, kakuweruza milandu ya masewera, pakamwa posatseka. Nzeru zinalipo zonse. Chimene kanalibe ndi chilankhulo cha mphunzitsi. Ana otere ndi amene amabwereza kalasi kawiri, kenako makolo amati bola azikathandiza kuyanika usipa.

Chimene chimandiwawa n'chakuti kubwereza mokweza kuja kumabisa vutoli. Wophunzira wako akapanda kuchenjezedwa, adzatha chaka chonse akukhulupirira kuti ana akumva. Muphunzitse kusiyanitsa mwana amene sakudziwa kuwerenga ndi mwana amene akuwerenga koma sakumva tanthauzo, chifukwa mankhwala ake ndi osiyana. Muphunzitsenso kutchera khutu ku katchulidwe. Pulogalamu ya kuwerenga imene inayamba mu 2016 imadalira kwambiri maliwu a malembo, ndipo ndi yabwino, koma mwana wa Chiyao amene kwawo sanazolowere liwu la z adzatchula ndi kulemba s. Si ulesi kapena mwano ayi. Mphunzitsi wodziwa zimenezi amadekha, amaonetsa mwana mmene liwulo limatulukira, ndipo sabata zingapo zikapita vuto latha. Wosadziwa amangothetha ndi cholembera chofiira.

Sindikunena kuti wophunzira aliyense atuluke m'koleji akulankhula zilankhulo zonse za m'Malawi. N'zosatheka. Sindikunenanso kuti aliyense azikaphunzitsa kwawo. Ife tinaona mu 1989 pamene aphunzitsi analamulidwa kubwerera kuzigawo zawo, mabanja anasokonekera, sukulu zinatsala zopanda anthu odziwa ntchito, ndipo chilonda chake sichinapolebe. Zimene ndikupempha n'zotheka ndi zomwe muli nazo kale.

M'kalasi mwakomo muli chuma chimene makoleji sachiwerengera. Funsa ophunzira ako kuti aliyense amalankhula chiyani kwawo, uona manja akukwera: Chitumbuka, Chilhomwe, Kyangonde, Chisena. Tsiku lina uuze wa ku Karonga kuti aphunzitse anzake masamu a Sitandade 2 m'Kyangonde kwa mphindi khumi, osamasulira ngakhale liwu limodzi, kenako awafunse mafunso mmodzimmodzi. Akalawa okha manyazi a munthu wamkulu wosowa choyankha, sadzaiwala. Ukatero uwaonetse njira zotulukira: kugwiritsa ntchito miyala, timitengo ndi zithunzi, kukhazika mwana womva zilankhulo ziwiri pafupi ndi mnzake wosamva, kulola mwana kuyankha m'chilankhulo chake kaye kenako n'kumupatsa mawu a Chichewa kapena Chingerezi. Akamapita kukayeserera kusukulu, aliyense abwere ndi kope la malonje, manambala, nyimbo ndi mawu a m'kalasi a m'dera limenelo, atawatola kwa ana, kwa amayi a m'gulu la amayi pasukulu ndi kwa agogo. Ndipo inu oyendera mukamapereka malikisi, muziyang'ananso ngati mwana wa kumbuyo uja wamva, osangoona ngati ndondomeko ya phunziro yalembedwa bwino.

Aphunzitsi ambiri amasakaniza kale zilankhulo, koma amachita mobisa ngati akuba, akuopa kuti alangizi a maphunziro awadzudzula. Ena, chifukwa cha mantha omwewo, amafika polanga mwana wolankhula chakwawo. Uwamasule. Kusakaniza kuli ndi luso lake: kudziwa pamene ulowetse chilankhulo cha mwana, pamene ubwerere ku cha buku, ndi mmene ungachepetsere pang'onopang'ono mwana akamalimba. Luso limeneli liphunzitsidwe masana, lilowe m'mayeso monga maphunziro ena onse.

Udzamva makolo ena akunena kuti iwo akufuna Chingerezi basi, chifukwa mayeso a Sitandade 8 ndi ntchito zili m'Chingerezi. Usawanyoze, akufunira ana awo zabwino. Inenso ndinakufunira zomwezo. Koma mwana amene wayamba wamvetsa kuwerenga m'chilankhulo chimene amachimva amachigwira msanga Chingerezicho kuposa amene wangoloweza. Ophunzira ako adziwe kufotokoza zimenezi pamsonkhano wa makolo, mwaulemu.

Silabasi si iwe ungaisinthe wekha, ndikudziwa. Imachokera ku Domasi. Koma ola lako la m'kalasi lili m'manja mwako. Chonde mwanawe, teremu ino isathe usanafunse ophunzira ako zilankhulo zawo, ndipo asatuluke pakhomo pako asanayeserepo kuphunzitsa mwana amene sakumva Chichewa.

Ndine mayi ako.