Safunsa Anadya Phula

Amene anagwirapo nchito ku dziko lacilendo adziwa kuti mlendo ayamba wafunsa njira. Ine ndinaiwala zimenezi pamene bwana anandipatsa Requests, laibulale ya Python imene Kenneth Reitz anaiyamba mu 2011. Ndinalemba requests.get osawerenga malangizo ake. Usiku pulogalamu yanga inangoti duu, ndipo malipiro a anzanga anacedwa. Manyazi anandigwira. M'mawa ndinatsegula api.py, ndipo ndinaona kuti get ingotuma Session ya mu sessions.py. Malangizo nawo anena poyera kuti ukapanda kuika timeout, idzadikira yankho kosalekeza. Ndinaika masekondi 10. Tsopano ndiyamba ndawerenga ndisanalembe kanthu.