Pamene gemu inkadikira kuti uyankhe

Anzanga a msinkhu wanga kuno ku Palabana akakhala pansi kudandaula za kale, amatchula mvula, mtengo wa fetereza, mafamu amene adulidwa mapuloti, ndi ng'ombe zamkaka zimene zinkadzaza makola. Zonsezo nanenso ndimadandaula nawo. Koma ndili ndi chisoni china chimene sindichitulutsa pagulu, kuopa kuti anganene kuti nkhalambayi yayamba kubwerera ku umwana. Ndimalira gemu ya pakompyuta, ndiponso mwana wanga amene ndinkasewera naye.

Malemuyo ndiye anabweretsa kompyuta m'nyumba muno chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, atangoyamba ntchito ya ukalaliki ku Lusaka. Inali yogula kwa munthu, sikirini yake yachimimba kumbuyo, ndipo inabwera ndi ma CD angapo olembedwa pamanja. Imodzi inali Fallout 2. Ine moyo wanga wonse ndinathera m'khola, choncho chimene chinandiimitsa kumbuyo kwa mpando wake chinali ng'ombe. M'gemumo muli ng'ombe za mitu iwiri zotchedwa brahmin. Ndinafunsa kuti mankhwala a njoka zam'mimba amazimwetsera kukamwa kuti. Iye anaseka mpaka kugwetsa misozi, nati, "Atate, kokani mpando."

Fallout yoyamba inatuluka mu 1997 ku kampani ya Interplay ku California, motsogoleredwa ndi Tim Cain. Yachiwiriyo inatsatira mu 1998, yopangidwa ndi Black Isle Studios. M'magemuwa dziko lapsa ndi mabomba a nyukiliya, otsala akukhala m'timidzi tapatalipatali. Fallout 2 imayambira m'mudzi wa Arroyo, kumene mbewu zikufota, ng'ombe zikufa, ana akudwala, ndipo mayi wamkulu wa mudziwo akukutuma kukafuna chipangizo chotchedwa GECK choti chidzatsitsimutse nthaka. Munthu amene anadya chimanga chachikasu m'chilala cha 1992 sankafunika kumufotokozera kawiri nkhani yotere.

Zithunzi zake zinali zosaoneka bwino, anthu ake ting'onoting'ono. Ulemerero wa gemuyo unali m'kulankhula. Ukakumana ndi munthu, pansi pa sikirini pankabwera mndandanda wa mayankho, lililonse lolembedwa lathunthu monga momwe litulukire pakamwa pako. Nthawi zina awiri, nthawi zina ochuluka. Ndipo mayankhowo sankafanana kwa aliyense. Ankadalira nzeru zimene unapatsa munthu wako poyamba, luso lake lolankhula, zimene wamva kale kwina, ndi mbiri imene wasiya m'midzi yakumbuyo. Gemu inkangoima, kudikira. Tinagawana ntchito: iye ankagwira mausi n'kumamasulira pamene Chizungu changa cha m'mabuku a mankhwala a ng'ombe chaperewera, ine ntchito yanga inali kutsutsa.

Tinakangana kwambiri pa mudzi wa Modoc. Ndi mudzi wa alimi, nawonso uli pa chilala, koma chapafupi pali munda wobiriwira umene anthu amauopa chifukwa pamitengo yozungulira papachikidwa zooneka ngati mitembo. Mlimi wina, Karl, anasowa, ndipo onse akuti anaphedwa kumeneko. Mkulu wa mudzi, Jo, akukutuma kukaona. Ukafika umapeza kuti pansi pa nthaka pakukhala anthu otchedwa Slags, amene makolo awo anabisala nthawi ya nkhondo, ndipo ambiri a iwo amaopa thambo. Mitemboyo ndi zidole chabe zopakidwa magazi a ng'ombe, zoopsezera akuba. Mtsogoleri wawo, Vegeir, akukupatsa kalata yopempha mtendere.

Mwana wanga ankafuna zachangu. Mfuti anali nayo, zipolopolo zinalipo. Ine amene ndakhalapo nkhoswe m'maukwati ambiri ndinaona kuti uwu ndi mlandu ngati wa pabwalo, woyenera kumva mbali zonse. Ndinati, "Iwe, kuona maso a nkhono n'kudekha. Tenga kalatayo." Jo sanakhulupirire msanga. Anafuna umboni wa Karl, apo ayi mudzi wonse ukathira nkhondo. Tinabwerera ulendo wautali mpaka ku tauni ya Den, n'kumupeza Karl ali moyo, akumwa mowa chifukwa cha mantha ndi manyazi. Nsima inazizira patebulo usiku umenewo, mayi ake akulalata kuti abambo ndi mwana alodzedwa ndi bokosi. Kumapeto kwa gemu, pamene mawu a Ron Perlman ankafotokoza tsogolo la mudzi uliwonse umene tinadutsamo, tinamva kuti Modoc inapulumuka pochita malonda ndi anthu apansi aja. Ukawapha, mudziwo umavutika ndi njala, chifukwa chinsinsi cha madzi a mundawo chinali ndi iwo. Mwana wanga anandiyang'ana, osanena kanthu, n'kukandithirira tiyi.

M'mudzi womwewo muli bambo wina wopha ng'ombe, Grisham, amene akakupeza m'chipinda ndi mwana wake amakukokera kutchalitchi atakuloza ndi mfuti. Apo pokha ine ndi mayi ake tinagwirizana: bamboyo sanalakwe.

Tsiku lina anayambiranso gemuyo ndi munthu wa nzeru zochepa kwambiri, mongofuna kuseka. Mayankho onse anasintha. Munthu wathu ankangong'ung'udza timawu todukaduka, ena ankamumvera chisoni, ena kumuthamangitsa, ndipo ntchito zambiri zinatsekeka. Kenako tinafika ku Klamath kwa Torr, m'busa wa ng'ombe amene tauni yonse imamutenga ngati chitsiru. Ndi munthu wanzeru uja, Torr ankalankhula mosamveka. Koma zitsiru ziwirizi zitakumana, gemu inayamba kutimasulira kung'ung'udza kwawo m'Chizungu chapamwamba, chaulemu, chokambirana bwinobwino za ng'ombe ndi zoopsa za kubusa. Ine kuseka kunandithera pakhosi. Ndagwirapo ntchito ndi abusa otere, amene akapitawo ankawanyoza, koma ankadziwa ng'ombe yodwala m'mawa dokotala asanaipime. Winawake ku California anakhala pansi n'kulemba zokambirana zonsezo, akudziwa kuti osewera ambiri sadzaziona n'komwe.

Fallout yoyamba ija tinaisewera pambuyo pake. Mdani wamkulu, Master, sufunika kumuwombera. Ukamubweretsera umboni woti mtundu watsopano wa anthu umene akupanga subereka, amazindikira yekha kuti ntchito yake yonse yapita pachabe, n'kudziwononga. Fallout: New Vegas ya 2010, yopangidwa ndi Obsidian, kumene kunali ena mwa anthu akale a Black Isle, inasungabe mwambo umenewu. Pa damu la Hoover, ngati luso lako lolankhula lafika pa 100, ukhoza kumutsimikizira mkulu wa asilikali, Lanius, kuti abwerere ndi gulu lake. Imeneyo ndiyo yomaliza imene tinasewera pamodzi, pa laputopu yake, akabwera Loweruka. Sipanapite nthawi yaitali anadwala, ndipo tinamuika konkuno. Anasiya mwana wamwamuna amene anali asanayambe sukulu.

Mdzukulu ameneyu ndiye anandionetsa Fallout 4 mu 2024, chaka chimene Amazon inatulutsa sewero la pa TV la Fallout ndipo achinyamata onse anayamba kulikamba. Chinalinso chaka cha chilala, madzi atatsika ku Kariba, magetsi akubwera maola ochepa, kawirikawiri usiku. Ankadzuka pakati pa usiku kuyatsa PlayStation yobwereka kwa mnzake, ine n'kukoka mpando monga kale.

Kukongola kokha, ndivomere, n'kokongola. Mzinda wa Boston wogumuka ukuoneka ngati ungaukhudze. Koma munthu woyamba atatilankhula, ndinayang'ana pansi pa sikirini osapeza mndandanda uja. Panali timawu tinayi, kalikonse pa batani lake la chogwirira. Kawirikawiri kamodzi n'kovomera, kena kokana, kena kofunsa, kena konyogodola. Sukuona chimene unene. Ukadina, munthu wa m'gemu amatsegula pakamwa n'kulankhula chiganizo chimene iwe sunachiwerenge, mwina mokalipa pamene iwe umafuna kufatsa. Wina atatipempha ntchito ndinati, "Kana, tione." Anakana. Wopemphayo anangoti tikaganiza bwino timupeza, ndipo ntchitoyo inakhalabe pomwepo kutidikira. Kukana kwake kunali kuvomera kochedwa. Luso lolankhula lija analichotsa, kunatsala kungoyesa mwayi potengera chikoka cha munthu wako, mawu akaoneka achikasu kapena ofiira.

Chimene chinandipweteka chili m'nkhani yake yeniyeniyo. Mu Fallout 4 sukhala munthu amene wadzipangira. Ndiwe kholo, mwamuna kapena mkazi, amene mwana wake Shaun wabedwa ali khanda, ndipo ulendo wonse ndi womufunafuna. Ndinakhala pamenepo, bambo amene anaika mwana wake m'manda, pambali pa mnyamata amene sakumbukira mawu a bambo ake, tikumvera munthu wolembedwa ntchito akutilirira m'malo mwathu. Amalira bwino, ndi katswiri. Koma ine ndikudziwa zimene bambo amanena akafunsidwa za mwana amene palibe. Nthawi zina amasintha nkhani. Nthawi zina amanama kuti zili bwino. Nthawi zina amayamba kufotokoza zakutali, za nsapato zimene anamugulira ali Giredi 1. Pa mabatani anayi aja panalibe malo a zimenezi, koma malo a nthabwala analipo. Ndinapita kukagona magetsi asanazime.

Sikuti ndimadana ndi mawu a anthu a zisudzo. Ife tinakulira pa wailesi, tikumvera Julius Chongo mu Poceza m'Madzulo akusintha mawu yekhayekha, pano nkhalamba, pano mtsikana, pano mfumu. Koma kumeneko tinkadziwa kuti ndife omvera. Gemu yamtunduwu inalonjeza kuti pakamwa ndi pako.

Zifukwa za kusinthaku sizobisika. Fallout 4 inatuluka mu November 2015 ku kampani ya Bethesda, ndipo eni ake ananena kuti anajambula mizere ya mawu yoposa 111,000. Chilichonse chimene munthu wako anena chinayenera kujambulidwa kawiri, ndi Brian T. Delaney komanso Courtenay Taylor. Kale, wolemba akaganiza yankho lachisanu ndi chiwiri ankangolitayipa. Tsopano yankho lililonse ndi ndalama za situdiyo, ndipo nthambi iliyonse ya nkhani imabala nthambi zina zofunanso kujambula. Njira yotchipa ndiyo kubweza nthambi zonse ku thunthu limodzi. Onjezani kuti osewera ambiri anachoka pa desiki n'kupita pa sofa, kutali ndi TV, m'manja muli chogwirira cha mabatani anayi akumanja. Malonda anayenda: kampaniyo inatumiza m'masitolo makope 12 miliyoni potulutsa gemuyo. Sinali yokha. Dragon Age: Origins ya 2009 inali ndi mayankho athunthu ndi ziyambi zisanu ndi chimodzi zosiyana, koma yotsatira yake ya 2011 inakupatsa munthu mmodzi, Hawke, ndi gudumu la timawu tachidule.

Osewera sanakhale chete. Ena anakonza okha kapulogalamu koonetsa ziganizo zonse mu Fallout 4, ndipo mu 2016 mkulu wa gemuyo, Todd Howard, anavomera poyera kuti njira yawo yolankhulirana sinayende bwino ngati mbali zina. Starfield, imene Bethesda inatulutsa mu 2023, inabwezera mndandanda ndi munthu wosalankhula mokweza. Chaka chomwecho Baldur's Gate 3 ya kampani ya Larian ya ku Belgium, yodzaza ndi mayankho ataliatali, inatenga mphoto ya gemu yopambana pa chaka. Ndimamva kukoma kuti mwambowo sunafe. Koma zimenezo zimafuna makina amphamvu ndi mabandulo a intaneti amene penshoni yanga singafikire, ndiponso amene ndikanakangana naye pa mayankhowo kulibe.

Ndinayesa kumuonetsa mdzukulu wanga Fallout 2 pa laputopu ya bambo ake, imene ikuyakabe ngakhale batire inafa. Anapirira mpaka ku Klamath, mwaulemu, kenako anati, "Agogo, kuwerenga konseku ndi homuweki." Sindinamukalipire. Anakulira pa zimene anapatsidwa, ndipo palibe anakhala naye pansi kumumasulira mzere ndi mzere. Amene akanatero ndi uja tinamuika. Tagwirizana kuti pa holide ikubwerayi iye agwira mausi, ine ndiwerenga, mpaka tikafike ku Modoc.

Inu achinyamata a ku Lusaka amene mukuphunzira kupanga mapulogalamu, ndamva kuti ena mwa inu mumalakalaka kupanga magemu. Zithunzi za Boston simungapikisane nazo, ndalama zake mulibe. Koma kulemba sikufuna situdiyo. Tengani mkangano wa malire a munda, umene kuno ku Chongwe susowa, muikemo anduna a mfumu, wogula wochokera m'tauni, mkazi wamasiye ndi mlamu wake. Mayankho muwalembe athunthu, m'Chinyanja kapena m'Chisoli, kuti nkhalamba ndi mdzukulu athe kukangana asanadine. Ndipo munthu akasankha kukana, chitseko chitsekeke ndithu.