Tinasochera Pansi pa Nthaka ya Roma

Ife a ku Madzimoyo sitisochera wamba. Munthu akaima m'mbali mwa msewu wa Great East, dzuwa limamuuza kumene kuli Chipata ndi kumene kuli Katete, ndiponso kondakita wa basi amafuula yekha kumene akupita. Ukakayika umapereka moni kwa wodutsa, iye nakulozera njira, mwinanso nakuperekeza. Nzeru zimenezi ndizo tinapita nazo ku Roma mu Sepitembala 2025, m'Chaka Choyera, ife akatekisiti atatu: abambo awiri ndi amayi achikulire amodzi.

Sitima ya kumeneko imayenda pansi pa nthaka, ndipo amaitcha Metro. Mumatsika pa makwerero oyenda okha, nimulowetsa tikiti m'makina, kachitseko nikatseguka. Kunsiko kulibe dzuwa, kulibe phiri, kulibe wofuula. Njira B inatsegulidwa mu 1955, njira A mu 1980, ndipo ziwirizi zimapingasana pa siteshoni yaikulu ya Termini. Yachitatu, ya C, yakumbidwa pang'onopang'ono, pakuti okumba amangopeza nyumba ndi mbiya za Aroma akale, ntchito niima kuti akatswiri aziwone.

Lamulungu pa 28 Sepitembala, Papa Leo XIV ankachita Misa ya akatekisiti pa bwalo la Petulo Woyera. Tinalawira. Pa Termini tinaona chilembo A, mitima yathu nikhala pansi, ndipo tinakwera sitima imene inayamba kufika. Inaima pa Vittorio Emanuele, kenaka pa Manzoni, maina amene dzulo lake sitinawamve. Amayi aja anatikodola nati, "Aphunzitsi, kodi si njira ina imeneyi?" Ife, amene tazolowera kulozera ena njira m'malimana, tinayankha kuti, "Musade nkhawa, amayi." Tivomere pano, awerengi okondedwa, kuti kumeneku kunali kunyada chabe.

Pa San Giovanni tinazindikira kulakwa kwathu ndipo tinatsika mothamanga. Zitseko za sitimayi sizidikira nkhalamba. Potembenuka tinangoona duku la amayi pagalasi, sitima ikulowa mumdima. Analibe foni, ndipo Chitaliyana sankadziwa ngakhale liwu limodzi. Tinaganiza za adzukulu awo kumudzi, ndi zimene tikanakanena kwa Abambo Mfumu pobwerera.

Chinatipulumutsa ndi pangano limene amayi omwewo anatiumiriza kuchita usiku: wotsala m'sitima atsike pa siteshoni yotsatira, asasunthe. Tinakwera sitima ina, ndipo pa Re di Roma tinawapeza ali phee pa benchi, kolona m'manja. Sanatidzudzule, ndipo ichi chinatiwawa koposa.

Asisitere ena a ku Africa kuno, amene anaona kusokonezeka kwathu, anatitengera pa chikwangwani. Anatiuza kuti chilembo chokha sichikwanira, popeza pa njira iliyonse sitima zimapita mbali ziwiri. Wokwera ayenera kudziwa dzina la siteshoni yomalizira ya mbali imene akupita, ngakhale iye sadzafikako. Wopita kwa Petulo Woyera afune dzina loti Battistini, natsike pa Ottaviano. Ife tinali titalunjika ku Anagnina. Wopita ku manda a Paulo Woyera atenge njira B yolowera ku Laurentina. Anatiphunzitsanso liwu loti uscita, ndiko kunena potulukira. Masiku otsatira tinkalemba maina amenewa pachikhatho tisanatsike makwerero, monga ana a sukulu.

Tinaoloka kupita tsidya lina la njanji ndi kubwerera, amayi ali pakati pathu, akuwerenga masiteshoni pa mikanda ya kolona: Termini, Repubblica, Barberini, Spagna, Flaminio. Itachoka pa Flaminio, sitima inatuluka mwadzidzidzi poyera kuti ioloke mtsinje wa Tiber pa mlatho, dzuwa nilitiwomba kumaso kwa kamphindi. "Uwo mtsinje wadzulo uja," anatero amayi.

Tinafika Misa itayamba kale, ndipo tinaima kumbuyo kwenikweni kwa khamu, kumene Papa ankaoneka ngati kadontho. Amayi anayala chitenje chawo pa miyala, nagwada.